MBIRI YA LIU LA CINGEREZI LAKUTI “SLUGGISH”

Aphunzitsi ambiri, pofika pa liu lakuti “sluggish” m’buku la Cingerezi, angouza ana kuti, Ndiye waulesi, napitirira. Kumasulira kotere sikuli konama konse, pakuti ndimo linayambira liuli. Koma masiku ano kulakwa kawirikawiri koposa kulondola. Liu likakhala zaka mazana ambiri m’kamwa mwa anthu, lisiya katundu wina panjira, nilitola wina. Cifukwa cace tifuna kutsata mapazi ace kuyambira paciyambi, kuti inu aphunzitsi ndi alaliki mudziwe poyenera kunena kuti ulesi, ndi poyenera kufuna liu lina.

Caka ca 865 khamu lalikuru la ankhondo ocokera ku Denmark ndi maiko oyandikana nalo linakoceza m’dziko la England, ndipo caka ca 866 linalanda mudzi wa York. Ambiri a iwo sanabwerera kwao, koma anamanga midzi, nalima, nakwatira ana a eni dziko. Mitundu iwiri ikakhala pamodzi motero, zinenero zao zibwerekana mau, monga ife tinalandira liu lakuti lobola kwa Angoni. Momwemo Angerezi analandira kwa alendo aja mau ambiri amene awachula tsiku ndi tsiku, monga “egg,” dzira, “knife,” mpeni, ndi “take,” kutenga. Anthu ofufuza za mau ayesa kuti tsinde la liu lathuli linadza ndi alendo omwewo, popeza m’midzi yina ya ku Norway ndi Sweden muli mau ofanana nalo onena za munthu wolemera thupi, woyenda mocedwa.

Zaka zambiri liuli linakhala m’kamwa mokha, losalembedwa; ndipo m’mene lioneka m’mabuku, lioneka monga liu lodzudzula. Angerezi akale anati “slugge” ponena munthu wokana nchito, ndipo pa tsinde limeneli panaphuka nthambi. Geoffrey Chaucer, mlembi wochuka amene anamwalira caka ca 1400, analemba “slogardie” ponena ulesi wa munthu wokonda tulo. Pa nyengo yomweyo panali “sluggard,” ndiye mwini ulesiyo. Tsono pafupi ndi caka ca 1450 panaoneka “sluggish.” Kaciwalo kotsiriza aka, “-ish,” nkakale ndithu m’Cingerezi, ndipo katanthauza kukhala ndi makhalidwe a cinthu, “childish” ndiye wacibwana, “foolish” ndiye wopusa. Cotero “sluggish” poyamba anali munthu wa makhalidwe a “slugge,” ndiko kuti waulesi, monga aphunzitsi aja anena.

Pomasulira Baibulo la Cingerezi la caka ca 1611, lochedwa la King James, omasulirawo anaika “sluggard” m’buku la Miyambo, mutu 6, pamene waulesi atumizidwa kukaphunzira kwa nyerere. Caka ca 1715 Isaac Watts anasindikiza kabuku ka nyimbo za ana, ndipo imodzi ya izo inali ya “sluggard” yemweyo. Ana a Angerezi anailoweza pamtima mibadwo yambiri. Mabuku awiri awa anaumitsa liu lakuti “sluggard” pa tanthauzo lace lakale, kotero kuti kufikira lero silinasunthe. Mlaliki akalipeza, amasulire kuti waulesi, osaopa kanthu.

Koma “sluggish” linayenda njira yina. Tisanaitsate, tiyenera kukonza colakwa cimodzi cofala. Kuli kanyama konga nkhono, koma kopanda cigoba, kokwawa m’dimba nthawi ya cinyezi, kamene Angerezi akacha “slug.” Ambiri ayesa kuti munthu wocedwa anachedwa “sluggish” pomfanizira ndi kanyamako. Iai, ziri mosiyana. Kanyamako ndiko kanalandira dzina la munthu, ndipo dzinali lioneka m’mabuku pa zaka zoyamba za m’ma 1700, patapita zaka ngati 250 cionekere “sluggish.” Samuel Johnson, polemba dikishonale yace yaikuru ya caka ca 1755, anayamba ndi munthu waulesi pomasulira “slug,” ndipo kankhono kaja kanadza pambuyo. Cinacitikanso comweco ndi nyama ya m’nkhalango za ku South America yolendewera pa mitengo, yoyenda pang’onopang’ono: Angerezi anaicha “sloth,” limene linali kale dzina la cimo la ulesi.

Nanga liu lodzudzula munthu linaleka bwanji kudzudzula? Linaleka pamene anthu anayamba kulinena pa zinthu zopanda mtima. M’zaka za m’ma 1500 amalinyero anacha combo cocedwa “slug,” ndipo m’zaka za m’ma 1600 olemba anayamba kunena “sluggish” za madzi ndi zinthu zina zoyenda mofoka. Poyamba kunali kuphiphiritsa, monga ngati mtsinje unacita ulesi. Koma fanizo likanenedwa kawirikawiri, anthu aiwala kuti ndi fanizo. Mtsinje ulibe mwini woupatsa nchito, ndipo sungathe kukana kanthu. Ucedwa cifukwa dziko liri lacidikha. Taonani Shire: pocokera m’nyanja ku Mangochi, napyola pa Malombe kufika ku Liwonde, madzi ace ayenda mwakacetecete; pamenepo Mngerezi adzati “a sluggish river.” Koma pakati pa Matope ndi Chikwawa, pamene pali mathithi, sangatero konse, ndipo kunsi, m’madambo akuru a kucigwa, liu lija libweranso. Mtsinje ndi womwewo. Cosintha ndico kutsetsereka kwa dziko.

Pambuyo pace asing’anga a Cizungu analitenga liuli, nanena “sluggish” za mwazi woyenda mofoka m’mitsempha, ndi za m’mimba mosagaya msanga cakudya. Amalonda analitenganso, nanena “sluggish trade” pamene katundu akhala m’sitolo wopanda womgula. Masiku ano linenedwa za galimoto yokwera citunda mobvutika, ndi za kompyuta yocedwa kuyankha. Ndipo pobwerera kwa munthu, linabwera litataya mbola yace. Mngerezi akati, “I feel sluggish this morning,” sadziulula cimo; anena kuti thupi lamlemera, kapena cifukwa ca kusagona, kapena kutentha, kapena kukhuta, kapena nthenda irinkuyamba. Tanthauzo lakale silinafe konse, ndipo mudzalipeza m’mabuku akale. Koma m’kunena kwa masiku ano ndi locepa.

Tsono tisiyanitse mau anai amene ana awasokoneza. “Slow” ndi kucedwa cabe, kopanda kuweruza. Kamba ali “slow” mwa cibadwidwe cace. “Lazy” ndiye waulesi weniweni, amene mphamvu ali nazo koma safuna. “Idle” ndiye wokhala cabe wopanda cocita, kapena mwa kufuna kwace kapena posowa nchito. M’Cingerezi cakale liu limeneli linatanthauza copanda kanthu m’kati. Koma “sluggish” ndico cinthu coyenda mocedwa koposa m’mene ciyenera, monga ngati cina cacilemetsa. M’cinenero cathu tilibe liu limodzi lokwanira ponseponse. Tiyenera kusankha poona mau oyandikana nalo. Za thupi tidzati lolefuka, lofoka, kapena lolemera. Za mtsinje, woyenda pang’onopang’ono. Za malonda, osayenda bwino. Za nzeru za munthu wongodzuka kumene, zosacangamuka.

Za kacitidwe kace m’ciganizo, kumbukirani izi. Liuli ndi mfotokozi, ndipo liima patsogolo pa dzina, monga “a sluggish stream,” kapena pambuyo pa mneni, monga “the boy is sluggish.” Pofanizira tinena “more sluggish” ndi “most sluggish,” osaphatika “-er” kapena “-est.” Ponena mayendedwe, ndi “sluggishly”, ponena mkhalidwewo, ndi “sluggishness.” Pochula, “g” awiriwo amveka ngati mmodzi, wolimba monga wa m’liu lathu lakuti gule.

Kapena wina adzati, Kodi kusiyana kwakung’ono kotere nkoyenera kutayirapo nthawi? Timve cimene cinacitika ku America. M’zigawo za kumwera za dziko la United States munali amphawi ambiri otumbuluka nkhope, oyenda mokhwekhwereza mapazi, osatha kulima tsiku lathunthu. Ndipo anzao anawanyoza zaka zambiri kuti ndi aulesi a cibadwire. Caka ca 1902 Charles Wardell Stiles, wophunzira za tizirombo, anaonetsa kuti ambiri a iwo anali ndi tinjoka ta m’mimba, tolowa pa khungu la mapazi a munthu woyenda wopanda nsapato pa dothi loipitsidwa ndi zonyansa, tokamamatira m’matumbo ndi kuyamwa mwazi. Nyuzipepala yina ya ku New York inaseka, niti kacirombo ka ulesi kapezeka. Koma caka ca 1909 John D. Rockefeller anapereka madola 1,000,000 kuti nthendayo igonjetsedwe. Anthu oposa 400,000 analandira mankhwala, zimbudzi zinakumbidwa, ndipo m’madera momwe nthenda inali yaikuru ana ofika ku sukulu anacuruka. Anthu aja anali “sluggish,” koma anzao anawayesa “lazy”. Ndipo pokhala dzina linalakwika, anapatsidwa mwano m’malo mwa mankhwala.

Tinjoka tomweto tiriponso m’midzi yathu, pamodzi ndi likodzo, malungo ndi njala. Ndipo zonsezi zilemetsa thupi la mwana. Inu mphunzitsi, mukaona mwana aodzera dzuwa liri m’mawa, nacedwa kuimirira mukamuitana, musafulumire kumucha waulesi pamaso pa anzace, pakuti dzina lotere limamatira, ndipo mwana akalimva kawirikawiri aleka kuyesa. Yambani mwayang’ana m’kati mwa zikope zace ndi m’zikhato, ngati muli motuwa. Mumfunse ngati anadya kanthu asanacoke kwao, ngati anagona bwino, ngati aona mwazi pokodza. Mukakayika, lankhulani ndi akuru ace kuti apite naye ku cipatala. Alipo ana aulesi ndithu, ndipo awo ayenera kulangizidwa. Koma waulesi mudzamzindikira pa nthawi yopuma, pakuti iye athamangira mpira patsogolo pa onse, pamene wodwala akhala pansi pa mtengo.

Pophunzitsa liuli, tsono, lembani pa bolodi ziganizo zitatu: cina ca mtsinje, cina ca munthu wocira kumene malungo, cina ca mnyamata wothawa khasu. Ana aike “sluggish” m’ziwiri zoyambazo, ndi “lazy” m’cotsirizaco, ndipo yense anene cifukwa cace m’cinenero cathu asanalembe m’kope mwace.