Kuyeza kuwala kwa mabwalo amasewera ndi droni

Kuyeza kuwala ndi droni: njira yodziwira kuchuluka kwa kuwala kwa magetsi a pabwalo lamasewera komwe kumatayikira kumwamba ndi m'nyumba zoyandikana, pogwiritsa ntchito kandege kouluka kopanda munthu m'kati.

Droni imanyamula kamera, GPS ndi kachipangizo koyezera kuwala, kamene kamawerenga mu lux. Imauluka usiku mozungulira bwalo, pena pamwamba pena m'munsi, magetsi ali oyaka komanso atazimitsidwa. Kusiyana kwa miyeso iwiriyi ndiko kuwala kochokera pabwalopo.

Njirayi imafika pamene masetilaiti amalephera. Setilaiti ya Suomi NPP, yomwe inaponyedwa mu 2011, imadutsa cha m'ma 1:30 usiku, mabwalo ambiri atazimitsa kale, ndipo chipangizo chake cha VIIRS sichiona bwino kuwala kobiriwira ngati thambo kochokera ku mababu a LED.

Kuwala kotayika kumasokoneza tulo ta anthu, kumasocheretsa mbalame zouluka usiku, kumakopa tizilombo ndi kubisa nyenyezi. Zotsatira za kuyezaku zimathandiza kuweramitsa nyali kapena kuziika zotchingira. Bungwe la DarkSky International, lomwe linakhazikitsidwa mu 1988 ku Tucson, limapereka ziphaso kwa mabwalo osataya kuwala.

Mawu ogwirizana: lux, lumen, candela.