Kodi "vamos" anachokera kuti?

FUNSO: Ndikamaonera mpira wa La Liga ndimamva osewera ndi ochemerera akukuwa kuti "vamos". Mnzanga amene akuphunzira Chisipanishi akuti mawuwa ndi a mneni "ir". Zikutheka bwanji, poti mawu awiriwa safanana ngakhale chilembo chimodzi?

YANKHO: Mnzanuyo sanakunamizeni. "Ir" ndi kupita, ndipo "vamos" ndi tikupita kapena tiyeni. Kudabwa kwanu n'komveka, chifukwa ife tinazolowera tsinde losasuntha: ndinapita, ndikupita, ndidzapita. "Ir" sachita zimenezo, pakuti mkati mwake muli aneni atatu a Chilatini amene anasokedwa pamodzi ngati zigamba za nsalu imodzi.

Chilatini chinalowa m'dziko limene lero timati Spain ndi asilikali a Aroma, amene anakocheza ku Ampurias m'chaka cha 218 Khristu asanabadwe. Pofuna kunena za kupita anali ndi "ire" komanso "vadere". Tsono "ire" anali wamfupi kwambiri: ndikupita ankati "eo", akupita ankati "it". Timawu totere timazimirira msanga pakamwa, choncho anthu anatsamira kwa "vadere" ponena za nthawi ino. N'chifukwa chake lero amati "voy", ndikupita, "vas", ukupita, "va", akupita mmodzi, "vamos", tikupita, "vais", mukupita, "van", akupita ambiri. "Ire" anapulumuka mu "ir" mwiniyo, mu "iba", ndinkapita, ndi mu "iré", ndidzapita.

Wachitatu ndi amene amasokoneza ophunzira ambiri. Ndinapita amati "fui", unapita "fuiste", anapita "fue", tinapita "fuimos". Mawu amenewa anachokera kwa "esse", mneni wa kukhala, ndipo mpaka lero "ir" ndi "ser", mneni wa kukhala m'Chisipanishi, amagawana mawu omwewa. "Fui a Madrid" ndi ndinapita ku Madrid, pomwe "fui maestro" ndi ndinali mphunzitsi. Ine sindiona chisokonezo pamenepa. Munthu amene anali ku Madrid ndiye kuti anapitako, ndipo kamawu kakang'ono "a", kolozera kumene ukulowera, kamathetsa mlandu wonse.

Tibwerere kwa "vamos" wanu uja. Anachokera ku "vadamus", mawu olimbikitsana otanthauza kuti tiyeni tipite. M'Chisipanishi chakale, tikupita ankati "imos", mwana wa "ire", koma "vamos" anamulanda malo n'kusenza ntchito zonse ziwiri. Ndiye Rafael Nadal ankati akakunga chibakera pabwalo la tenesi n'kukuwa mawuwa, ankagwiritsa ntchito tanthauzo lakale kuposa la tikupita lija.

Owerenga athu a ku Tete ndi Angónia sakumva zachilendo, chifukwa Chipwitikizi nachonso chinabadwa ku Chilatini ndipo chili ndi "vou", "vamos" ndi "fui". "Imos" nayenso sanatheretu: ku Galicia, kumpoto chakumadzulo kwa Spain, akumunenabe m'chinenero chawo.