Ula wa m'kapu ya tiyi ndi amalonda amene anadyerapo

Zaka 100 zapitazo, m'makhitchini ambiri a ku Scotland ndi ku England, tiyi akatha m'kapu macheza ndiye ankayamba kukoma. Womwa ankasiya timadzi pang'ono pansi, n'kugwira kapu ndi dzanja lamanzere, kuizunguza katatu, kenako n'kuivundikira pa kambale kake. Akaivundukula, masamba ankakhala atamatirira m'mbali, ndipo mayi wodziwa kuombeza ankaitembenuza pang'onopang'ono akuyang'anitsitsa. Masamba okhala kukamwa kwa kapu ankanena za mawa kapena mkuja, apansi ankanena zakutali, ndipo oyandikira chogwirira ankakhudza mwini wake ndi banja lake. Akaoneka ngati mphete, ndiye kuti ukwati wayandikira. Mbalame inali uthenga, njoka inali mdani, nangula anali mwayi. Kamtengo kakayandama pamwamba pa tiyi, ankati kukubwera mlendo.

Ula wotere sukanafika m'nyumba za osauka tiyi akanakhalabe wodula monga analili poyamba. Atafika ku London kuchokera ku China, anamutsatsa koyamba m'nyuzipepala mu 1658. Wamalonda wina, Thomas Garway, anasindikiza pepala lomuchemerera kuti amachiza mutu, amatsuka impso ndiponso amawalitsa maso. Apa zikuoneka kuti kuyambira pachiyambi ogulitsa tiyi ankagulitsa ndi lonjezo lomwe. Catherine wa ku Braganza, Mpwitikizi wokonda tiyi, atakwatiwa ndi Mfumu Charles II mu 1662, chakumwachi chinasanduka cha apamwamba.

Boma linaunjikira tiyi msonkho mpaka kufika pa 119 peresenti. Anthu anayamba kumuzembetsa usiku pa maboti, ndipo akathyali ankamusakaniza ndi masamba a mitengo wamba, ngakhale ndowe za nkhosa. Mu 1784 nduna yaikulu William Pitt inatsitsa msonkhowo kufika pa 12.5 peresenti, kuzembetsa kunatha mphamvu, ndipo tiyi analowa m'nyumba ya wantchito aliyense. Mu 1826 John Horniman anayamba kumugulitsa m'mapaketi omata kuti wogula asaope zosakaniza. Thomas Lipton wa ku Glasgow anagula minda ya tiyi ku Ceylon mu 1890, n'kumalengeza kuti tiyi wake amachoka kumunda molunjika mpaka m'tiipoti.

Tiyi yenseyu anali wa masamba omwazika, ndipo m'nyumba zambiri ankathira m'kapu osasefa. Woombeza sankafunika kugula chida chilichonse, poti ula wake unali zotsalira za chakumwa chimene amwa kale. N'chifukwa chake mwambowu unakhazikika pakati pa amayi, atsikana ogwira ntchito m'nyumba za olemera ndi agogo. Kaya ankakhulupirira kaya ayi, kapu inkawapatsa mpata wotchula nkhawa zovuta kuzinena poyera: mwamuna amene ali panyanja, kalata yochedwa, chibwenzi chosalongosoka.

Chimene chimandiwawa pa mbiriyi ndi tsankho la lamulo. Lamulo la ku England la mu 1824 lokhudza oyendayenda linkati woombeza ula akhoza kumangidwa mpaka miyezi 3 akugwira ntchito yakalavulagaga, ndipo amene linkawagwera kwambiri anali amayi osauka ndi anthu a mtundu wa Roma. Koma makampani ankadyera ula womwewo popanda wowafunsa. Fakitale ya Aynsley inkaumba makapu ojambulidwa makadi a juga m'kati kuti aliyense aziombeza yekha, ndipo ena anagulitsidwa pa chionetsero chachikulu cha ufumu wa Britain ku Wembley mu 1924. Ku New York, m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, kunabuka malo omwera tiyi odzitcha a chi-Gypsy, kumene ula ankati ndi waulere, wolipira ndi tiyi ndi keke basi, pofuna kuzemba apolisi. Nayo kampani ya Lipton ku America inatulutsa kabuku kophunzitsa kuwerenga masamba m'zaka za m'ma 1930. Cholinga sichinali chobisika: wofuna kumvanso za mawa ayenera kumwa kapu ina.

Amalonda omwewo ndi amene anathetsa ulawu. Timatumba ta tiyi tinayambira ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo kampani ya Tetley inatibweretsa ku Britain mu 1953. Cha m'ma 1930 William McKercher anali atapanga kale makina ku Assam ophwanya, kung'amba ndi kupiringiza tsamba kukhala timibulu tofulumira kutulutsa mtundu, toyenera kathumba. Angelezi anazengereza poyamba, koma lero pafupifupi tiyi yense amene amamwa ndi wa m'matumba, ndipo m'kapu simutsala choti munthu awerenge. Oombeza amene alipobe amachita kugula masamba omwazika mwadala.

Kusinthaku kunafikanso kwathu. Minda ya ku Mulanje, kumene Henry Brown anadzala tiyi mu 1891, pamodzi ndi ya ku Thyolo, imatulutsa makamaka tiyi wodulidwa ting'onoting'ono. Ogula ku okushoni ya ku Limbe amamufuna chifukwa cha kufiira kwake, ndipo wambiri amapita ku Britain ndi ku South Africa kukasakanizidwa ndi wa ku mayiko ena m'timatumba, kawirikawiri popanda dzina la Malawi kulembedwa pa bokosi.