Zovala ndi katundu wa ulendo wapansi kuchokera ku Nkopola m'nyengo ya masika

Ulendo wapansi wochokera ku Nkopola m'boma la Mangochi, kudzera ku Nkhudzi ndi Monkey Bay mpaka ku Cape Maclear, ndi wa makilomita oposa 50 ndipo umatenga masiku awiri kapena atatu. Nthawi yabwino ndi Epulo ndi Meyi, mvula itadukiza, kutentha kutachepa.

Ambiri amapita ndi kabudula ndi patapata poganiza kuti kunyanja n'kotentha. Kumeneko n'kudzinamiza. Pa nthawiyi udzu umakhala wautali ndipo chitedze chimakhala chitakhwima, choncho woyenda m'njira za m'mapiri avale buluku, malaya aatali manja ndi nsapato zolimba zomwe anazizolowera kale, chifukwa zatsopano zimatulutsa matuza. Juzi asaisiye: kuyambira Meyi mphepo ya mwera imazizira usiku ndi m'bandakucha.

M'chikwama cha kumsana mukhale neti yonyikidwa m'mankhwala, popeza malungo sachepa msanga mvula ikatha. Mukhalenso tochi, chipewa ndi klorini wothira m'madzi akumwa. Madzi a m'mabango muli nkhono zofalitsa likodzo, ndiponso m'malo otere mumabisala ng'ona ndi mvuu. Chakudya chimangidwe bwino, anyani a m'phiri la Nkopola saopa munthu.

Mbali ina ya njirayi ili m'nkhalango ya Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Olowamo amalipira pachipata.