Milungu ya Agiriki Akale ndi Nthano Zake

Agiriki akale ankapembedza milungu yambiri, koma analibe buku limodzi lopatulika lofotokoza za milunguyo. Mzinda uliwonse unali ndi kasimbidwe kake, moti nthano imodzi inkamveka mosiyana ku Athens, ku Thebes ndi ku Crete. Milungu ina ndi yakalekale: mayina a Zeus ndi Poseidon akupezeka pa mapale adothi omwe anafukulidwa ku Pylos ndi ku Knossos, olembedwa zaka 1200 kapena kuposerapo Yesu asanabadwe. Komabe zambiri zimene zikudziwika lero zinachokera kwa alakatuli awiri: Homer, yemwe amati ndiye mwini Iliad ndi Odyssey, ndi Hesiod, amene anapeka Theogony pafupifupi zaka 700 Yesu asanabadwe.

Hesiod ndiye anayala bwino mzere wa makolo a milungu. Pachiyambi panali Chaos, chiphompho chopanda kanthu, kenako kunabwera Gaia, yemwe ndi dziko lapansi. Gaia anabala Uranus, thambo, ndipo awiriwa anabereka ziphona 12 zotchedwa Titan. Uranus ankadana ndi ana ake, n'kumawatsekera m'mimba mwa mayi wawo. Gaia atatopa ndi ululu anapanga chikwakwa, ndipo Cronus, mzime wa anawo, anathena nacho bambo ake n'kulanda ufumu. Koma Cronus naye anagwidwa ndi mantha. Atamva kuti mwana wake adzamulanda mpando, anayamba kumeza khanda lililonse limene mkazi wake Rhea wabereka: Hestia, Demeter, Hera, Hades ndi Poseidon. Pa mimba yachisanu ndi chimodzi Rhea anakachirira ku Crete, khandalo analibisa m'phanga, ndipo mwamuna wake anamupatsa mwala wokulunga m'nsalu. Cronus anaumeza osayang'ana. Khandalo linali Zeus. Zeus atakula, Cronus anasanza ana onse aja, ndipo panabuka nkhondo ya zaka 10 yomwe inathera poti ziphona zogonja zinaponyedwa ku Tartarus, dzenje lakuya pansi pa dziko.

Abale atatu anagawana ulamuliro pochita maere. Zeus anatenga thambo ndi mphezi, Poseidon nyanja, Hades dziko la akufa. Likulu la milungu linali phiri la Olympus, lalitali mamita oposa 2,900, ndipo milungu ikuluikulu yakumeneko ankaiwerenga kuti ndi 12, ngakhale mndandanda wake sunali wofanana paliponse. Hera, mkazi wa Zeus, ankateteza ukwati, ndipo nthano zambiri zimasimba mkwiyo wake pa zibwenzi za mwamuna wake. Ares anali wa nkhondo, Aphrodite wa chikondi, Hephaestus wosula zitsulo, Hermes mthenga, Artemis wa ulenje, Dionysus wa vinyo. Athena, yemwe anatuluka m'mutu mwa Zeus atavala kale zida, anapambana Poseidon pa mkangano wa mzinda wa Athens popereka mtengo wa azitona; kachisi wake, Parthenon, anamangidwa kuyambira 447 mpaka 432 Yesu asanabadwe. Kwa Apollo, ku Delphi, mafumu ndi anthu wamba ankapita kukaombeza kudzera mwa wansembe wamkazi wotchedwa Pythia.

Nthano yogwira mtima kwambiri ndi ya Demeter, mulungu wamkazi wa mbewu. Hades anaba mwana wa Demeter, Persephone, akuthyola maluwa. Demeter anayendayenda ndi miuni kumufunafuna, osadya, osasamba, ndipo chifukwa cha chisoni chake m'minda simunamere kanthu. Njala itafika poti ingapulule anthu n'kuthetsa nsembe, Zeus analamula kuti mtsikanayo abwezedwe. Koma iye anali atadya kale njere ya chimanga chachizungu, chipatso cha mkangaza, kudziko la akufa kuja, choncho chaka chilichonse ankayenera kubwerera kwa Hades kwa miyezi ingapo, nthaka n'kugona. Pa nthanoyi panakhazikika mwambo wachinsinsi wa ku Eleusis, womwe olowa ake sankaloledwa kuulula zimene aona.

Milunguyi sinali chitsanzo cha khalidwe labwino. Inkachita nsanje, kunama ndi chigololo, zomwe wanzeru Xenophanes anadzudzula nazo Homer ndi Hesiod. Chimene inkafuna kwa anthu ndi ulemu: nsembe, zikondwerero ndi kusunga malumbiro. Popereka ng'ombe, ankawotcha mafupa okutidwa ndi mafuta, nyama n'kugawana anthu, ndipo ankati anayambitsa zimenezi ndi Prometheus, mwana wa chimodzi mwa ziphona zija, atapusitsa Zeus pa kagawidwe. Masewera a ku Olympia, omwe amawerengedwa kuyambira 776 Yesu asanabadwe, analinso chikondwerero cha Zeus.

Chipembedzochi chinali chikadali champhamvu m'masiku a atumwi. Buku la Machitidwe limanena kuti anthu a ku Lystra anatcha Barnaba kuti Zeus, Paulo kuti Hermes, ndipo ku Ephesus osula siliva anautsa chipolowe poteteza Artemis ndi malonda awo. Nsembe za milunguyi zinaletsedwa ndi mfumu ya Aroma, Theodosius, m'zaka za 391 ndi 392.