Kuika chiwindi chochepetsedwa mwa ana

Kuika chiwindi chochepetsedwa ndi opaleshoni imene madokotala amadula chiwindi cha munthu wamkulu amene wamwalira, n'kuika gawo lake m'thupi la mwana amene chiwindi chake chawonongeka. Njirayi imasiyana ndi yoika chiwindi chathunthu, imene imafuna kuti womwalirayo akhale wa msinkhu wofanana ndi mwana wodwalayo.

Chifukwa chochepetsera

Ambiri mwa ana ofunika chiwindi china ndi makanda odwala biliary atresia, matenda otseka njira zotulutsira ndulu. Ziwindi zazing'ono n'zosowa, ndipo kale ana ambiri ankamwalira akudikira. Chiwindi chili ndi zigawo 8, chilichonse ndi mitsempha yakeyake, choncho n'zotheka kuchigawa. Nthawi zambiri khanda limalandira zigawo ziwiri za kumanzere, zimene zimakula limodzi ndi thupi lake.

Mbiri

Thomas Starzl anayesa koyamba kuika chiwindi mwa munthu mu 1963 ku Denver. Mu 1984 Henri Bismuth ndi Didier Houssin a ku France analemba za njira yochepetsa chiwindi. Popeza gawo lotsala linkatayidwa, mu 1988 Rudolf Pichlmayr wa ku Hannover anagawa chiwindi chimodzi kwa odwala awiri. Mu 1989 Russell Strong wa ku Brisbane anaika mwa mwana gawo la chiwindi cha mayi ake amoyo, ndipo mwanayo anachira.

Kuyerekezera njira ziwirizi

Chiwindi chathunthu sichikhala ndi bala, koma cha khanda chimakhala ndi mitsempha yopyapyala imene magazi amaundanamo msanga. Chochepetsedwa chimakhala ndi mitsempha yokulirapo, koma podulidwapo pamatha kutuluka magazi kapena ndulu. M'zipatala zozolowera ntchitoyi, ana amachira pafupifupi mofanana ndi njira zonse ziwiri. Phindu lalikulu la kuchepetsa ndi lakuti mwana sadikira nthawi yaitali.

Kum'mwera kwa Africa

Ku South Africa opaleshoniyi imachitika pa Red Cross War Memorial Children's Hospital ku Cape Town ndi pa Wits Donald Gordon Medical Centre ku Johannesburg. Ku Malawi siichitika. Ana a ku Ndirande, Bangwe ndi madera ena a Blantyre ofunika opaleshoni yaikulu amatumizidwa ku Mercy James Centre, imene inatsegulidwa mu 2017 pa chipatala cha Queen Elizabeth. Khanda la chikasu chopitirira milungu iwiri, chimbudzi chotuwa ndi mkodzo woderapo liyenera kupimidwa msanga, chifukwa opaleshoni ya Kasai, yotsegula njira ya ndulu, imathandiza kwambiri mwana asanakwane miyezi iwiri.