Ubale wa Mozambique ndi Malawi: chiyambi chake, ntchito zake ndi tanthauzo lake kwa alimi a m'malire

Mozambique ndi Malawi ndi maiko oyandikana omwe malire awo ndi otalika makilomita oposa 1,400. Zigawo zitatu za Mozambique, Tete, Zambézia ndi Niassa, ndizo zagundana ndi Malawi. Ku mapiri a Angónia, komwe kuli Fonte Boa, Tsangano, Ulónguè ndi Dómuè, malirewa m'malo ambiri amatsata msewu waukulu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu. Pa Lizulu munthu akangodumpha msewu walowa dziko lina. Chifukwa cha ichi, zomwe maboma awiriwa agwirizana ku Maputo ndi ku Lilongwe zimafika msanga pamunda, pamsika ndi pachipatala cha kumudzi.

Chiyambi cha malire

Malire alipowa adachokera m'pangano lomwe Britain ndi Portugal adasainirana mu 1891. Mzerewo udadutsa pakati pa anthu a mtundu umodzi. Angoni a kwa Maseko, omwe mbiri yawo ikhudza phiri la Dómuè, ali mbali zonse ziwiri, ndipo likulu la Inkosi ya Makhosi Gomani lili ku Lizulu m'boma la Ntcheu. Achewa a m'maiko awiriwa amakumana ndi anzawo a ku Zambia pamwambo wa Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidavomereza Gule Wamkulu ngati chuma cha chikhalidwe cha maiko atatuwa pamodzi.

Nyengo ya kukayikirana ndi ya nkhondo

Malawi idalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, Mozambique mu 1975. Onse awiri adali m'gulu la maiko omwe adakhazikitsa SADCC ku Lusaka mu 1980, bungwe lomwe lidasanduka SADC mu 1992. Ngakhale zidali choncho, ubale sudali wosalala. Mu 1986 Pulezidenti Samora Machel adadzudzula boma la Dr Kamuzu Banda kuti likulola asilikali a Renamo kugwiritsa ntchito nthaka ya Malawi, zomwe boma la Malawi lidakana. Kumapeto kwa chaka chomwecho maiko awiriwa adagwirizana pa zachitetezo, ndipo kuyambira mu 1987 asilikali a Malawi adathandiza kulondera njanji ya ku Nacala.

Nkhondo itakula, anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi adathawira ku Malawi. Ambiri a ku Angónia adalandiridwa ndi abale awo m'midzi ya Dedza ndi Ntcheu. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, adabwerera kwawo, ena mothandizidwa ndi bungwe la UNHCR. Mu 2016 anthu enanso zikwizikwi ochokera ku Tete adathawira ku Kapise m'boma la Mwanza, kenako adasamutsidwira kumsasa wa Luwani ku Neno.

Momwe maboma amalankhulirana

Mozambique ili ndi kazembe ku Lilongwe, ndipo Malawi ili ndi kazembe ku Maputo komanso ofesi yothandiza nzika zake mumzinda wa Tete. Pali komiti yokhazikika ya mgwirizano yomwe imakambirana za malonda, mayendedwe, ulimi ndi magetsi, ndiponso komiti ina ya zachitetezo momwe mumakumana asilikali, apolisi ndi oona zolowa ndi kutuluka m'dziko. Zipata zovomerezeka zapafupi ndi Angónia ndi Calómuè moyang'anana ndi Dedza, komanso Biriwiri ku Ntcheu. Chipata chachikulu cha magalimoto a katundu ndi Zóbuè moyang'anana ndi Mwanza.

Motsatira ndondomeko ya African Union, akatswiri oyeza malo a maiko awiriwa akhala akuyendera malire limodzi ndi kuikanso zipilala za simenti pomwe zakale zidagwa kapena kusowa. M'malo ena zidapezeka kuti munda wa banja uli tsidya lina la mzere. Nkhani zotere zimakambidwa ndi mafumu pamodzi ndi akuluakulu a maboma a mbali zonse ziwiri. Kuzula kapena kusuntha chipilala cha malire ndi mlandu.

Njanji, madoko ndi magetsi

Malawi ilibe gombe la nyanja yamchere, choncho gawo lalikulu la mafuta agalimoto ndi feteleza wake limadzera m'madoko a Beira ndi Nacala. Nayo Mozambique imadalira nthaka ya Malawi: njanji ya makilomita 912 yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku Nacala imadutsa m'dzikolo n'kutulukira pa Nayuchi.

Pa zamagetsi, makampani a EDM ndi ESCOM adagwirizana zokoka nthambo za mphamvu ya 400 kV, zotalika makilomita pafupifupi 218, kuchokera ku Matambo m'chigawo cha Tete kufika ku Phombeya m'boma la Balaka, mothandizidwa ndi Banki Yaikulu Yapadziko Lonse ndi mabungwe ena. Cholinga chake n'chakuti Malawi izitha kugula magetsi kunja pamene madzi a mumtsinje wa Shire achepa.

Si zonse zidatheka. Mu Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika adatsegulira doko la Nsanje pofuna kuti katundu aziyenda pamadzi a Shire ndi Zambezi, koma boma la Mozambique lidaimitsa bwato lomwe linkapita kumeneko ponena kuti pafunika kaye kafukufuku wa zachilengedwe. Mkanganowo udaziziritsa ubale kwa kanthawi. Lero nkhani za madzi a Zambezi zimakambidwa m'bungwe la ZAMCOM, lomwe maiko onsewa ndi mamembala.

Anamondwe, matenda ndi tizilombo

Mavuto ambiri a mlimi sapempha chiphaso pachipata. Namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 adaononga minda, milatho ndi miyoyo mbali zonse ziwiri. SADC idaika likulu lake loona za ngozi zadzidzidzi ku Nacala, ndipo nthambi zoona zanyengo za maiko a m'chigawochi zimagawana uthenga wochenjeza.

Mu Febuluwale 2022 ku Lilongwe kudapezeka mwana wodwala poliyo, ndipo mu Meyi chaka chomwecho matendawa adapezekanso m'boma la Changara ku Tete. Maiko awiriwa pamodzi ndi oyandikana nawo adachita katemera wa khomo ndi khomo maulendo angapo, kufikira bungwe la WHO lidalengeza mu 2024 kuti mliriwo watha. Ntchemberezandonda, zomwe zidafalikira m'chimanga cha m'chigawo chino mu 2017, ndi dzombe lofiira, lomwe limaswana m'madambo a nyanja za Chilwa ndi Chiuta, zimafunanso kulimbana nazo pamodzi. Pa dzombe, maiko onsewa ali m'bungwe la IRLCO-CSA lomwe likulu lake lili ku Ndola, Zambia.

Pamaso pa dziko lonse

Mu Ogasiti 2021, pamsonkhano wa ku Lilongwe, Pulezidenti Filipe Nyusi adapereka mpando wa SADC kwa Pulezidenti Lazarus Chakwera. Nthawiyo n'kuti gulu la asilikali a SADC, lotchedwa SAMIM, litangoyamba kuthandiza kulimbana ndi zigawenga ku Cabo Delgado, ntchito yomwe idatha mu 2024. Mozambique idakhala m'komiti ya zachitetezo ya United Nations mu 2023 ndi 2024. Maiko onsewa ali mu Commonwealth, komwe Mozambique idalowa mu 1995, ndipo pamisonkhano ya kusintha kwa nyengo ali m'gulu la maiko osauka omwe amapempha thandizo pa zoonongeka ndi anamondwe.

Zokhudza mlimi

Mbatata ya kachewere, nyemba, kabichi, chimanga ndi tirigu wa ku Tsangano zimagulitsidwa m'misika ya m'malire, momwe metikali ndi kwacha zimayendera limodzi. Malawi ili mu COMESA pomwe Mozambique siili m'bungwelo, kotero malonda apakati pawo amatsata malamulo a SADC ndi mapangano a maiko awiriwa. Boma limodzi likaletsa kutulutsa chimanga, kapena ndalama ya dziko limodzi ikagwa mphamvu, mitengo pa Lizulu ndi Calómuè imasintha sabata yomweyo.

Wonyamula katundu wambiri ayenera kudzera pachipata chovomerezeka, popeza wodzera njira zachidule alibe kokadandaula katundu akalandidwa. Ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba zimafuna chilolezo cha alangizi a ziweto, makamaka kukabuka chigodola cha nkhumba kapena matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Mkangano wa munda wa pamzere kapena kuba kwa ziweto zikayenera kukanenedwa msanga kwa mfumu ndi kupolisi, chifukwa ndiwo ali ndi njira yolankhulirana ndi anzawo a tsidya linalo.